Muizenberg: gombe la mafunde ofatsa limene tsopano akulimangira khoma

Amene ali ndi mbale wake ku Cape Town ayenera kuti adalandirapo chithunzi chija pa WhatsApp. Munthu waima pamchenga woyera, jekete ili pathupi chifukwa cha mphepo, kumbuyo kwake kwandandalika tinyumba tamatabwa tofiira, tachikasu ndi tobiriwira. Pamenepo ndi pa Muizenberg, makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa pakati pa mzindawo. Amalawi ambiri okhala ku Capricorn ndi ku Vrygrond amafikapo wapansi.

Kumayambiriro kwa 2025 chithunzicho chidasintha. Pagombe padabwera mipanda ndi zimakina zokumba, khonsolo ya mzinda itayamba kumanga khoma latsopano loteteza gombe. Pali nkhani zinanso zimene zakhala zikusokoneza anthu: akuti ashaki oyera adasowa, akuti madzi amasanduka abulauni, akuti dambo la Zandvlei adalitseka. Zimamveka ngati nkhani zinayi zosagwirizana, koma ambiri mwa mayankho ake ali pamodzimodzi, pa mmene gombeli lidakhalira.

Surfing n'chiyani?

Mawuwa alibe mnzake m'Chichewa. Ena amati "kusefa", koma kwathu kuno kusefa n'kwa ufa, choncho tingoti kukwera mafunde. Munthu amagona chafufumimba pathabwa lopepuka, n'kupalasa ndi manja kulowa m'nyanja. Funde likamabwera amatembenukira kumtunda, amapalasa mwamphamvu, ndipo likamunyamula amadzuka n'kuimirira, fundelo n'kumamukankha mpaka kugombe. Palibe injini, palibe nkhafi.

Masewerawa adakulira ku zilumba za Polynesia, makamaka Hawaii, ndipo adalowa m'mipikisano ya Olympics ku Tokyo mu 2021, kumene Bianca Buitendag wa ku South Africa adapata mendulo ya siliva.

Chofunika kumvetsa ndi funde lenilenilo. Pakati panyanja madzi sayenda ndi funde. Taganizani za munda wa mpunga mphepo ikamawomba: mumaona ngati chinachake chikuthamanga kuchokera uku kupita uko, chikhalirecho phesi lililonse langowerama n'kudzukanso pamalo pake. Chimene chikuthamanga ndi mphamvu. Mphamvuyo ikafika posaya, kunsi kwa funde kumakhula pansi n'kuchedwa, pamwamba pake n'kupitirira, ndiye funde limagwa chamutu. Pamene pansi pakwera mwadzidzidzi, monga pamiyala, funde limagwa kamodzi n'kamodzi mwaukali. Pamene pansi pakwera pang'onopang'ono, limasweka mwaulesi n'kuyenda mtunda wautali lili thovu. Muizenberg ndi wa mtundu wachiwiriwu. Munthu amalowa mamita ambirimbiri madzi akadali m'chiuno, pansi pali mchenga wokhawokha, ndiye wophunzira akagwa savulala. N'chifukwa chake pakona ya gombeli, pamene amapatcha Surfer's Corner, padzaza masukulu ophunzitsa masewerawa, ndipo mu 2009 anthu 110 adakwera funde limodzi nthawi imodzi n'kulowa m'buku la Guinness.

False Bay ndi mphepo zake ziwiri

Muizenberg ali pakona ya kumpoto chakumadzulo kwa False Bay, chigawo cha nyanja chimene chidalowerera kumtunda, chotambalala makilomita pafupifupi 30. Dzinalo limatanthauza doko lonyenga. Amalinyero akale ochokera kum'mawa ankati akaona phiri la Hangklip ankaliyesa Cape Point, n'kukhota msanga poganiza kuti alunjika ku Table Bay, doko la Cape Town, kenako n'kupezeka atsekeredwa.

Mafunde ofika kuno amabadwira kutali, m'mikuntho ya nyanja ya kummwera cha ku Antarctica. Kuti alowe mu False Bay amayenera kuzungulira Cape Point, ndipo pokhotapo amataya mphamvu zambiri. Funde lomwe likuswa miyala ku Kommetjie, kuseri kwa phiri, limafika ku Muizenberg litafooka.

Mphepo zazikulu ndi ziwiri. M'chilimwe cha kumeneko, cha mu Novembala mpaka Malichi, imawomba ya kummwera chakum'mawa, imene amaitcha Cape Doctor. Amene adakhalako ku Nkhotakota kapena ku Salima nthawi ya mwera akudziwa khalidwe la mphepo yotere. Imawomba kuchokera panyanja kulunjika kumtunda, imaphwanyaphwanya mafunde, ndipo imanyamula mchenga n'kukauthira pamsewu wa Baden Powell Drive mpaka pamafunika makina okaukokolola. Koma imachitanso chabwino china. Imakankhira madzi ofunda a pamwamba kukona ya Muizenberg, pamene mbali ina ya phiri, ku Clifton ndi Camps Bay, imathamangitsa madzi ofundawo n'kutulutsa ozizira a pansi. Ndiye m'chilimwe munthu amasamba bwinobwino ku Muizenberg pamene ku Clifton mapazi amachita dzanzi. M'nyengo yozizira imabwera ya kumpoto chakumadzulo, yochokera kumtunda, imene imasalaza mafunde n'kuwaimika bwino. Alendo amakonda Disembala, koma akatswiri okwera mafunde amadikira Juni ndi Julayi.

Kasajeni, nkhondo ya tsiku limodzi ndi njanji

Azungu asanafike, Akhoi ndi makolo awo ankakhala m'mbali mwa gombeli, ndipo milu ya zigoba za nkhono zimene ankadya imapezekabe m'magombe a chigawochi. Dzina la lero lidabwera ndi kampani ya Adatchi yotchedwa VOC. Kampaniyo itaona kuti zombo zikusweka ku Table Bay m'nyengo yozizira, idasankha kuti zizikocheza ku Simon's Bay. Njira ya pamtunda yolumikiza madoko awiriwa imadutsa pakampata kopapatiza pakati pa phiri ndi nyanja, ndipo pamenepo adaikapo asilikali ochepa olondera. Mu 1743 wowayang'anira adali sajeni Wynand Willem Muijs, ndiye malowo adayamba kutchedwa ndi dzina lake. Kanyumba koyera ka alondawo, Het Posthuys, kakadalipo.

Kampata komweko ndi kamene Angerezi adakafuna. Pa 7 Ogasiti 1795 zombo zawo zankhondo, motsogozedwa ndi George Elphinstone, zidayandikira n'kuyamba kuwombera msasa wa Adatchi pamene asilikali a James Craig ankabwera wapansi kuchokera ku Simon's Town. Adatchi adathawa masana omwewo, ndipo pa 16 Sepitembala adapereka Cape yonse. Angerezi adaibweza mu 1803, n'kuilandanso mu 1806. Nkhondo yake idali yaing'ono, koma ndi pomwe padayambira ulamuliro wa Angerezi kummwera kwa Africa, umene patapita zaka pafupifupi 100 udafika mpaka kwathu.

Chidasandutsa msasawu kukhala tauni ndi njanji, imene idafika mu 1882. Anthu olemera ndi dayamondi ya ku Kimberley ndi golide wa ku Johannesburg adayamba kumanga nyumba zopumuliramo. Cecil John Rhodes adagula kanyumba kakang'ono m'mbali mwa msewu mu 1899, ndipo adamwaliriramo pa 26 Malichi 1902 asanakaikidwe ku mapiri a Matobo ku Zimbabwe. Ndi Rhodes yemweyo amene kampani yake inkapereka mapaundi 10,000 pachaka ku boma la Harry Johnston ku Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890. Siteshoni ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi pamwamba idatsegulidwa mu 1913. Mabanja a Chiyuda, ambiri ochokera ku Lithuania, adaukonda mzindawu mpaka kumangamo sunagoge, ndipo pa Disembala mahotela ankadzaza ndi abale awo ochokera ku Johannesburg ndi ku Rhodesia.

Tinyumba tokongola tija tidayamba kumangidwa nthawi imeneyo. Ntchito yake idali yoti munthu asinthiremo zovala osaonedwa. Kukwera mafunde kudayambanso zaka zomwezo, ambiri atagona pamatabwa aafupi, ndipo n'chifukwa chake Muizenberg amatchedwa kwawo kwa surfing ya ku South Africa.

Gombe la azungu okha

Pofotokoza za "masiku abwino a Muizenberg" pamafunika kufunsa kuti adali abwino kwa yani. Malamulo awiri a boma la tsankho ndi amene adagawa gombeli. Group Areas Act ya 1950 inkanena kumene mtundu uliwonse uzikhala, pamene Reservation of Separate Amenities Act ya 1953 inkagawa mabenchi, zimbudzi ndi malo osangalalira. Muizenberg adagwera azungu. Anthu amene boma lidawatcha makaladi adapatsidwa Strandfontein, ndipo anthu akuda adapatsidwa Mnandi ndi Monwabisi, kum'mawa, kumene madzi ali ndi mikokomo yokokera munthu pakuya. Gombe lofatsa, loyenera mwana wophunzira kusambira, lidapita kwa amene adali ndi maiwe osambiramo kale kunyumba kwawo.

Mabanja adasamutsidwa ku Simon's Town kupita ku Ocean View chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo Lavender Hill, pafupi ndi Muizenberg, idamangidwira ochotsedwa m'madera ena a mzinda. Komabe achinyamata ena osakhala azungu adaphunzira kukwera mafunde, nthawi zina akuthamangitsidwa ndi apolisi. Mmodzi mwa iwo, Cass Collier, adakapambana mpikisano wa dziko lonse wa mafunde aakulu ku Mexico mu 1999 pamodzi ndi Ian Armstrong. Mu Ogasiti 1989 Desmond Tutu adatsogolera anthu kukaponda magombe oletsedwa a Strand ndi Bloubergstrand. Mu Novembala chaka chomwecho Pulezidenti F.W. de Klerk adalengeza kuti magombe atseguke, ndipo lamulo la 1953 lija lidafafanizidwa mu 1990.

Panthawiyi n'kuti Muizenberg atatha kale. Olemera adali atasamukira ku magombe ena, mahotela akale atasanduka nyumba za lendi zodzaza anthu. M'zaka za m'ma 1990 othawa nkhondo ochokera ku Congo ndi Angola adapezamo pogona potchipa. Kudzuka kwake kudayamba cha m'ma 2000. Hotela ina yakale idasanduka sukulu ya masamu ya African Institute for Mathematical Sciences mu 2003, ndipo malo odyera adatsegulidwa ku Surfer's Corner. Bungwe la Waves for Change limabweretsa ana a m'makomboni kudzakwera mafunde ngati njira yowathandiza pa nkhawa ndi zipsinjo za kunyumba. Lero Loweruka m'mawa m'madzimo mumakhala anthu a mitundu yonse, ngakhale lendi yapafupi ndi gombe yakwera moti ambiri ogwira ntchito m'malo odyerawo amagona kutsidya kwa msewu waukulu wa M5.

Alonda a paphiri ndi ashaki osowa

Mu False Bay muli chilumba cha miyala, Seal Island, pamene pamakhala nyama zoposa 60,000 zotchedwa seal, zooneka ngati akatumbu akuluakulu. Zimenezi ndi ndiwo za shaki woyera, amene South Africa idayamba kumuteteza ndi lamulo mu 1991, dziko loyamba kutero. Mu 2004 shaki adadula mwendo wa mnyamata wina pa Muizenberg, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake mayi wina wachikulire adaphedwa ku Fish Hoek. Anthu adachita mantha, ena n'kumati abweretse maukonde ngati a ku Durban.

Maukonde a ku Durban, amene adayamba mu 1952, si mpanda ayi. Ndi misampha yopha, ndipo imakolanso akamba ndi ma dolphin. Cape Town idatenga njira ina, imene idayamba mwamwayi. Okwera mafunde ena adapempha anyamata olondera magalimoto kuti wina azikwera paphiri n'kumayang'ana m'madzi. Umu ndi mmene lidabadwira bungwe la Shark Spotters mu 2004. Nzeru yake ndi ya mlonda wa pansanja m'munda wa mapira: mbalame suzimaliza, umangoziona msanga. Mlonda amakhala pamsewu wa Boyes Drive ndi magalasi oonera patali, ndipo amalankhula pa wailesi ndi mnzake wa pagombe amene amakweza mbendera. Yobiriwira ndiye kuti m'madzi mukuoneka bwino. Yakuda, m'madzi simukuoneka bwino. Yofiira, chenjerani, shaki waoneka posachedwa kapena pali zomukopa. Yoyera, limodzi ndi kulira kwa sayirini, tulukani tsopano. Alendo ambiri amaopa yakuda, chonsecho yothawa nayo ndi yoyera.

Kenako ashakiwo adasowa. Pakati pa 2010 ndi 2016 alonda ankaona ashaki oyera maulendo pafupifupi 205 pachaka. Mu 2018 adawaona maulendo 50, ndipo mu 2019 sadaone ndi mmodzi yemwe. Apa ndi pamene akatswiri amasiyana. Gulu lina limaloza anamgumi awiri a mtundu wa orca, otchedwa Port ndi Starboard, mawu a amalinyero otanthauza kumanzere ndi kumanja kwa chombo, chifukwa chipsepse cha pamsana cha mmodzi chidagwera kumanzere, cha mnzake kumanja. Awiriwa amang'amba shaki n'kudya chiwindi chokha, ndipo mu 2017 mitembo isanu ya ashaki oyera idapezeka pagombe cha ku Gansbaai. Malinga ndi gululi, ashaki sadathe koma adathawira kum'mawa. Gulu lina likuti orca awiri sangafotokoze zonse. Limaloza usodzi wa zingwe zazitali za mbedza umene umapha ashaki ang'onoang'ono, chakudya china cha shaki woyera, n'kuwagulitsa ku Australia, komanso maukonde a ku KwaZulu-Natal aja. Kwa iwo chiwerengero chenichenicho chikutsika. Komiti ya akatswiri imene boma lidakhazikitsa mu 2020 idatsamira ku mbali ya orca, koma mkangano sudathe. Alonda akadali paphiri, ndipo masiku ano amaona kwambiri ashaki a mtundu wa bronze whaler.

Madzi abulauni: ndere kapena zonyansa?

Pa nkhaniyi pamasakanikirana zinthu ziwiri. Mawanga abulauni ooneka ngati khofi amene amabwera m'mafunde mwera wa kumeneko ukawomba kawirikawiri si zonyansa za m'chimbudzi. Ndi tizomera tosaoneka ndi maso, mtundu wa ndere wotchedwa Anaulus australis, timene timakhala mumchenga n'kukwera pamwamba pogwira thovu la mafunde. Sitidwalitsa munthu, ndipo tinsomba ndi nkhono zimadya tomweto.

Izi sizikutanthauza kuti zonyansa kulibe. Chakum'mawa kwa gombe kuli Zandvlei, kutanthauza dambo la mchenga, kumene mitsinje ya Keysers, Sand ndi Westlake imathera isanalowe m'nyanja. Malo otere, osakanikirana madzi amchere ndi opanda mchere, ndi chikuta cha nsomba. Kwathu mpasa umachoka m'nyanja kukwera mtsinje wa Bua kukaswa. Ku False Bay zimayenda mosemphana: nsomba monga white steenbras ndi leervis zimaswera m'nyanja, ana ake n'kulowa m'dambo kukakulira kobisika. Mu False Bay monse, Zandvlei ndi lokhalo limene likugwirabe bwino ntchito imeneyi, ndipo asodzi okoka makoka pagombe, monga amachitira anzawo ku Mangochi, amadalira nawo nsomba zokulira mmenemo.

Koma dambolo si lachilengedwe chokhachokha tsopano. M'zaka za m'ma 1970 mbali ina idakumbidwa ngalande n'kumangapo nyumba za Marina da Gama. Kukamwa kwake kumatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi buludoza: kukatsekeka nthawi yaitali mchere umachepa ndipo tinsomba sitilowa, kukakhala kotsegula madzi amaphwa eni maboti n'kudandaula, ndipo mvula ikagwa kuli kotseka nyumba zimasefukira. Mitsinje ija imadutsa m'minda ya mphesa, m'mafakitale ndi m'makomboni, n'kutola zonse. Mu 2021 khonsolo idaletsa anthu kulowa m'madzi a Zandvlei kwa miyezi ingapo zonyansa za m'mapaipi zitatayikiramo. Zimene zili m'dambo, kukamwa kukatseguka, zimatulukira pagombe.

Khoma

Gombe la mchenga silikhala malo amodzi. Mikuntho ya m'nyengo yozizira imakokolola mchenga kupita nawo m'madzi, ndipo mafunde ofatsa a m'chilimwe amaubweza. Zitunda za mchenga za kumtunda zimagwira ntchito ngati nkhokwe: chaka choipa nyanja imatapamo, chaka chabwino mphepo imabwezeramo. Ku Muizenberg nkhokweyo adamangapo misewu, malo oimika magalimoto ndi nyumba. Kufatsa kumene kumakomera wophunzira kukwera mafunde kukuchokera pa kutsika ndi kusalala kwa malowa, ndipo pamalo osalala madzi akakwera pang'ono amalowa mtunda wautali. Amene adaona nyanja ya Malawi ikulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Senga Bay mu 2024 akudziwa kuti oyamba kumira ndi amene adamanga pamchenga wosalala. Kusiyana kwake n'koti nyanja yathu imakwera n'kudzatsikanso, pamene nyanja yamchere yakwera masentimita pafupifupi 20 pakati pa 1901 ndi 2018 ndipo ikukwerabe, mofulumirirapo.

Chotchinga chakale cha ku Surfer's Corner, chimene mbali ina chidali cha mitengo, chidafika potha. Ntchito imene idayamba mu Febuluwale 2025, ya ndalama zoposa R400 miliyoni ndipo yokonzedwa kutenga pafupifupi zaka ziwiri, ndi yoikapo khoma la konkire lokhala ngati masitepe, ndi njira yotakata yoyendamo anthu pamwamba pake. Masitepewo amaswa mphamvu ya funde pang'onopang'ono, kusiyana ndi khoma loongoka limene limabweza funde n'kukumba mchenga patsinde pake, komanso anthu amatha kukhalapo. Khonsolo ikuti popanda zimenezi mkuntho umodzi waukulu ungawononge mapaipi, misewu ndi mabizinesi. Okayikira akuti khoma limateteza zimene zili kumbuyo kwake, osati mchenga wa kutsogolo kwake, ndipo ena adadandaula kuti malo ambiri apita ku magalimoto. Onse akunena zoona zake.

Mafunso otsala

Loyamba ndi la mchenga. Nyanja ikamakwera khoma lili chiimire, gombe la pakati pake limachepa. Kodi Muizenberg adzafika pofuna kuthiridwa mchenga wochokera kwina, monga amachitira ku Durban, ndipo adzalipira ndani? Nanga mchenga wa pansi pa madzi ukasintha kakhalidwe, funde lofatsa lija, limene likudyetsa masukulu ndi malo odyera onsewo, lidzaswekabe chimodzimodzi?

Lachiwiri ndi la ashaki oyera: adasamuka kapena akutha? Ngati adasamuka, tsiku lina adzabwera n'kupeza m'madzi muli anthu ambiri amene sadamvepo sayirini ikulira chifukwa cha shaki woyera. Ngati akutha, ma seal a pachilumba paja atsala opanda wowaopseza, ndipo mu 2024 ena mwa ma seal a m'magombe a Cape adapezeka ndi chiwewe.

Lachitatu ndi la Zandvlei. Buludoza ikamabwera kukamwa kwa dambo, izitsata zofuna za nsomba, za eni nyumba za ku Marina da Gama kapena za osambira pagombe? Ndipo pamene ndalama zikupita kukhoma la kugombe, mapaipi ndi zimbudzi za ku Vrygrond ndi madera ena a kumtunda, kumene madzi olowa m'dambolo amadutsa, zidzakonzedwa liti?